Tsogola, Motolo

Lamba wa m'khosi mwa galu wathu anali wa chubu cha tayala. Amalume anamudula ndi mpeni, nabowola ndi msomali wotentha, kenako anakolowekamo kanati kachitsulo koti kazilira galuyo akamayenda. Sikankalira ayi. Kankangomira m'makwinya a khosi, moti ukafuna kukaona unkachita kupisa chala, chalacho n'kutuluka chonyowa, chonunkha mphira ndi dovu. Fungo limenelo ndikulimva ngakhale pano pamene ndikulemba.

Chinali chilimwe choyamba chibwerereni kuchoka ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo. Mfuti zinali zitaleka. Bambo anatsala m'manda a kumsasa konko, ndiye tinabwera awiri, amayi ndi ine, n'kumagona m'kanyumba kophikira kwa amalume pa Zóbuè. Amalume ankamata matayala m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi malire, pomwe makamiyawo, magalimoto akuluakulu a katundu, amandanda kudikira mapepala.

Galuyo anamusiya motorista wina, woyendetsa kamiyawo, amene anakanizidwa kuwoloka naye. Anati make anali bulidogi wa pampanda wa mzungu, bambo wake galu wamba wa m'mudzi. Ine nditamuona ndinabisala kumbuyo kwa matayala. Nkhope ngati anawombana ndi khoma, mano a m'munsi ali panja, miyendo yaifupi yamatewe, chifuwa ngati mtondo. Akamapuma ankamveka ngati kamiyawo ikukwera chitunda, n'chifukwa chake tinamutcha Motolo. Azimayi ogulitsa mbatata ankati akamuona, "Mwanawe, nkhumba yakoyo uzipha liti?" Sankauwa kawirikawiri, sankasaka, ngakhale nkhuku zinkadya m'mbale mwake iye akuyang'ana. Ntchito yake inali kutsamiritsa chibwano pamiyendo yanga n'kuliza mkonono.

Amalume anati, "Achemwali, chinthu ichi chimadya ngati munthu, chilibe phindu. Ndikachitaya."

Amayi anayandikira galuyo. Anawerama, namunyamula Motolo ndi manja awiri, namutsitsa. Kenako anandigwira ine m'khwapa, nandinyamula, nanditsitsanso. Ndiye anati, "Akhale. Ndizimudyetsa ndine."

Ine ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinkayesa amayi amukonda monga ndinamukondera ine. Kumukonda anadzamukondadi, zimenezo sindikana, koma tsiku limenelo ankamuyeza.

Nthaka yathu inali ndi mabomba okwirira, amene tinkawatcha mina. Kusukulu aphunzitsi ankatiuza za zimenezi, koma m'Chipwitikizi, ndipo ine amene ndinayamba sukulu ku Malawi ndinkangotolapo zithunzi basi: chigaza pachikwangwani chofiira, miyala yopakidwa utoto. Ndinkaganiza kuti pomwe palibe chofiira palibenso bomba. Akuluakulu ankadziwa kuti si choncho. Ena ankatsogoza mbuzi m'njira zakale. Agalu a m'mudzi ankati ndi opepuka, sangaphulitse bomba, komanso amangolowa m'tchire kutsata fungo. Motolo ankalemera ngati mwana wa munthu, ndipo ankayenda pakati penipeni pa njira, pang'onopang'ono, osapatuka.

Amayi anayamba kumuphunzitsa panjira ya kuchitsime. Ankaponya kachidutswa ka chinangwa kutsogolo n'kunena, "Tsogola, Motolo." Iye ankapita, matako akugwedezeka, ife pambuyo. Ndikafuna kuthamanga kuti ndiyende naye limodzi, amayi ankandikoka diresi. "Siya mpata, iwe. Wamkulu ndi iyeyo." Madzulo ankamuphikira phala la gaga, n'kuthiramo mitu ya bakayawo, pamene ife tinkadyera masamba a nyemba opanda mafuta. Ankamuchotsa nkhupakupa m'makutu, akumulankhula motsitsa mawu ngati mlendo wodwala. Ine ndinkanyada. Kusukulu ndinkauza anzanga kuti kwathu galu amadya asanadye anthu.

Mwana wanga wayamba kuyenda chaka chino. Sayenda, amathamanga, ndipo nthawi zonse amafuna kukhala kutsogolo. Ndimangozindikira ndamugwira dzanja mwamphamvu mpaka walira. Bambo ake amandiseka, amati kuno ku Cateme nthaka yonse inasalazidwa ndi makina a kampani ya malasha asanatisamutsire kuno, ukuopa chiyani? Ndikudziwa. Mutu ukudziwa, koma dzanja silimva. Maso anga amakhala pansi, pamapazi ake, pakadothi kalikonse kotukuka.

Chaka chija, mvula itayandikira, akazi a amalume anayamba kumenyetsa mapoto. Pakhomo panachepa. Komanso kunamveka kuti obwerera akulanda minda ya eni amene akuchedwa. Munda wa agogo, make a amayi, unali kumunsi, cha ku Kambulatsitsi, kutali ndi msewu wa tala, ndipo amayi anali asanaupondeko chithawireni. Anamanga katundu: khasu, mbewu ya chimanga ndi mapira, mapoto awiri, chigubu cha madzi. Amalume anatipezera malo pamwamba pa matumba m'kamiyawo ya mnzawo. Potsazikana anati, "Achemwali, dikirani anthu ochotsa mina adutse kaye." Amayi anati, "Mvula iwadikira?"

Pa Zóbuè pamakhala kamphepo ngakhale m'chilimwe. Kumunsi kulibe. Kamiyawo ikutsika, mpweya unkasintha ngati wina akutsegula uvuni pang'onopang'ono. Mitengo inali yopanda masamba, nyenje zikulira mpaka m'mano. Tinatsika pa mlambe wina dzuwa litakwera kale. Poyamba njira inali yopondedwa, yodutsa m'nyumba zamaudzu zatsopano. Titapyola nyumba yomaliza, bambo wina amene ankasema mpini anatiitana. "Mayi, uko sikunapite munthu." Amayi anathokoza, naponya chinangwa.

"Tsogola, Motolo."

Njira inali kamzere chabe m'udzu wouma. Motolo anatsogola. Mchenga unkawotcha, iye ankanyamula mapazi ngati akuponda makala, koma ankapita. Kupuma kwake kunasintha, sikunalinso kwa kamiyawo, kunali ngati sowo pamtengo wauwisi. Lilime linatuluka lonse, lalikulu, likuderako. Dovu linkachita ulusi mpaka pansi.

Ife sitinkadziwa. Agalu a kwathu amatsata alenje tsiku lonse padzuwa, ndiye tinkati galu ndi galu. Ndinadzamva ndili wamkulu, kwa mayi wina wogwira ntchito m'nyumba za mabwana a malasha ku Moatize, kuti agalu a mphuno yophwanyika chonchi satha kudziziziritsa, kutentha kumawapha, ndipo eni ake amawasunga m'chipinda chozizira. Nditamva ndinakhala pansi pamsika pomwepo, tomato ali m'manja.

Motolo anaima. Anayang'ana kumbali, komwe kunali kamthunzi pansi pa mtengo wa tsanya, mapazi ochepa chabe kuchoka panjira. Anatiyang'ana ife. Ndinati, "Amayi, tipume pamthunzipo." Anati palibe wopatuka. Ndinati ndimubereke kumsana. Anati ayi. Anathira timadzi pachikhatho, iye anakhatira, koma ambiri anatayikira m'milomo yake yolendewera. Amayi anayang'ana dzuwa, anayang'ana kumbuyo komwe tachokera, anayang'ana kutsogolo. Mdima ukanatipeza m'njira imeneyo sitikanaona poponda. Anaponya chinangwa. Motolo sanachitsate.

Apo m'pamene amayi anathyola kamtengo. Amayi omwe aja ochotsa nkhupakupa. Anamukwapula m'matako, kamodzi, kawiri, akunena mawu omwewo, koma mawuwo akutuluka ngati a munthu wina. Iye sanalire, sanalume. Anadzuka n'kupita, akudzandira, nagwa, nadzukanso. Ine ndinkakuwa mpaka kukhosi kunauma. Ndinati, "Ndinu ankhanza ngati asilikali aja!" Amayi sanatembenuke.

Anayenda ndithu, Motolo. Anatidutsitsa pakhwawa louma ndi pamabwinja a sitolo yowotchedwa. Kenako anagona pakati pa njira, chammbali, miyendo ikuphupha. Amayi anandilola kufika pomwe anali. Ndinayika mutu wake pamiyendo yanga, unali wotentha ngati mwala wa pamoto. Maso ake aakulu aja anali ofiira. Anakoka mpweya, nakokanso, kenako phokoso lomwe ndinagona nalo chilimwe chonse linangoti zii. Kunatsala nyenje zokha.

Ndinafuna timukwirire. Khasu tinali nalo. Amayi anati pano sipokumba. Anamasula kapulana wawo wa pamwamba, amene ku Malawi tinkati chitenje, wa maluwa achikasu, amene anali wabwino yekhayo, namufunditsa, napinda m'mbali monga amachitira ndi khanda. Anakhala chogwada kanthawi, dzanja lili pamsana pake. Milomo yawo inkagwedera. Ndinkayesa akupemphera, mwina ankapepesa, kaya.

Atadzuka anachita zinthu zomwe zinandidabwitsa. Anachotsa mbewu ndi chigubu m'katundu wawo, nandimangirira ine kumsana. Anavula masilipasi awo nawaika m'manja mwanga. Anandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane.

"Uziponda pomwe ndaponda ine. Ukhale kutali, uzindiona ngati kamwana. Chilichonse chikachitika usabwere kwa ine, ubwerere kumsewu, ukanene kuti amalume ako amamata matayala pa Zóbuè. Wamva? Usandiyandikire."

Mwa zonsezo ine ndinamva liwu lomalizalo basi.

Anadumpha mtembo wa Motolo, nayamba kuyenda. Tinakafika kumundako dzuwa likulowa, palibe chinaphulika, ndipo chaka chimenecho tinadya mapira athu. Koma ine sindinawalankhule amayi mpaka mbewu zitamera, ndipo iwo sanandifotokozere kanthu, chaka chimenecho kapena china chilichonse, mpaka tinawaika.

Ndimawaonabe mmene ankayendera masana amenewo. Opanda nsapato pamchenga wowotcha, akuponda mwamphamvu, phazi lonse, kuti chidindo chioneke bwino. Ankafupikitsa mapazi kuti afanane ndi anga. Akanyamula mwendo ankaima kaye pang'ono, katundu akunjenjemera pamutu, ndiye n'kuutsitsa. Ine pambuyo, kutali, mamina ndi misozi, ndikulowetsa phazi langa laling'ono m'phazi lawo, mtima uli wodzaza ndi chidani. Ndikafulumira pang'ono ankatembenuka n'kukweza dzanja kuti ndiime. Ndinkati akwiya ndi mawu anga aja, safunanso kuyenda ndi mwana wotukwana make. Sindinadziwe kuti malo a Motolo anali atatsala opanda mwini, ndipo amayi anali atawatenga.