Mphete ya Sipoko

Anzanga, aliyense wopalasa njinga mumzinda uno wa Gent amagwapo kamodzi pa njanji ya tramu, kasitima koyenda mumsewu. Ine tsiku langa linakwana mu Okutobala, mvula ikuwaza. Tayala lakutsogolo linalowa mu njanji, ine uko, chikwama uko, maapulo mbwee mumsewu!

Ndikudzuka, ndinaona mnyamata wa ovolosi ya girisi akutola maapulo anga.

"Mwavulala?"

"Ayi, manyazi okha."

"Manyazi sitikonza, koma tayalalo bweretsani. Shopu yathu ndi iyo."

Anali Nizar, wa ku Syria. Ankakonza njinga mu shopu ya a Gilbert, bambo wachikulire amene manja anali atayamba kunjenjemera. Anawongola tayala, n'kusintha masipoko atatu, ndalama anakana.

"Mungondigulira tchipisi. Koma mayonezi asachepe."

Tchipisi chimenecho ndiye chinandipalamulira! Ndinamuuza kuti ndine Femke, iye n'kumati "Famke". Ndinamukonza kawiri, kenako ndinangozikonda choncho. Ndinamukonda mnyamata uja, anzanga, osati zocheza. Njinga yanga inkangodwala sabata iliyonse, mpaka a Gilbert anati, "Iwe mtsikana, belu limeneli lilibe vuto. Tangonena chimene wabwerera."

Patatha chaka ndi theka, a Gilbert anamuitana Nizar.

"Mwana wanga, manja andithera. Shopuyi ndikufuna ikhale yako. Upeze ma euro 30,000 Juni asanathe. Apo ayi ndigulitsa kwa ena, chifukwa penshoni yanga ndi yomweyi."

Nizar sanagwire pansi ndi chimwemwe. Anasita malaya, n'kusanja mu fayilo mapepala a malipiro a zaka zinayi. Ine ndinali ndidakali pasukulu, wopanda malipiro oti banki n'kundiwerengera, ndiye ndinangomuperekeza kokapempha ngongole.

Mayi wa ku banki anatilandira ndi khofi. Kenako anapempha khadi la Nizar lokhalira m'dziko muno. Atangoliona, nkhope inasintha.

"Aaa, ndi la A. Pepani bambo, limeneli ndi lokhala kwa kanthawi. Ife ngongole timapereka kwa a khadi la B, okhazikika. Kapena la F, la amene anakwatira nzika ya kuno." Ponena zimenezi anandiponyera diso, n'kumwetulira.

"Koma mayi, tatsegulani kaye fayiloyi. Zaka zinayi sindinajombepo kuntchito. B ndilandira chaka chamawa."

"Ndiye mudzabwere chaka chamawa."

Fayilo sanaikhudze n'komwe. Mabanki atatu, nyimbo yomweyo. Nizar ankabwerera ku shopu, kuvula malaya osita aja, n'kuyamba kumata machubu.

Ndinawafotokozera mayi anga, poyesa kuti amumvera chisoni.

"Femke, tsegula maso," anatero akusenda mbatata. "Mwana wa anzanga a Marleen zinamuchitikira. Mwamuna atangolandira khadi anati phazi thandize. Uona, posachedwa akufunsira ukwati ameneyu."

"Mayi, Nizar si wotero!"

Ndinamenyetsa chitseko. Koma mawu aja ndinatuluka nawo, anzanga. Anandikhala mumtima ngati kamwala mu nsapato.

Lamlungu masana anandiitanira ku shopu. Anali atasesa, manja atasamba mpaka girisi yense kuchoka m'zikhadabo. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kamphete kopindidwa kuchokera ku sipoko ya njinga, kosalala, konyezimira.

"Famke, golide ndilibe. Shopu mwina sindiipeza. Koma iwe..."

Sindinamudikire amalize. Pakamwa pangapa!

"Nizar, ukufuna ine kapena ukufuna F?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubweza mphete m'thumba.

"Mayi a ku banki aja anayang'ana khadi, fayilo osatsegula. Sindinawadandaule kwambiri, sandidziwa. Koma iwe?"

Ndinatuluka. Ndipo matama anandigwira, masabata anayi osamuimbira. Ndinkati ngati amandikondadi ayambe ndi iyeyo.

Mu Julayi ndinalephera kupirira, ndinapita. Ndinapeza a Gilbert okha akulongedza masipanala m'makatoni. Shopu inali itagulidwa ndi ogulitsa mafoni.

"Nizar wapita kumzinda wa Antwerpen, wapeza ntchito kudoko," anatero osandiyang'ana. "Mphete ija unaiona bwinobwino?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndi sipoko ya njinga yako, ya tsiku lija unagwa. Anaisunga. Anaipinda pa Khirisimasi, ine zogulitsa shopu ndisanaziganize n'komwe. Miyezi yonseyi amangoipala, kuopa kuti ingakukande chala. Amadikira apeze kaye shopu kuti abwere kwanu ndi kanthu m'manja. Mabanki atamukana anati, 'Basi, ndimufunsa chimanjamanja, amandidziwa.'"

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti ya mafuta, n'kulira ngati mwana.

Ndinamulembera uthenga wautali, "sorry" osawerengeka. Anayankha mawa lake.

"Ndakukhululukira. Koma ndikabwerera, tsiku lililonse ndizidzifunsa ngati ukundikhulupirira. Ndatopa ndi kufunsidwa mapepala, Famke."

Papita chaka tsopano. Sabata yatha foni inalira, dzina lake. Ndinatsegula msangamsanga. Chinali chithunzi cha khadi latsopano, chilembo B chili poonekera. Pansi pake analemba mawu awiri okha: "Tsopano ukanakhulupirira."

Ndimadutsabe pa shopu ija popita kuntchito, ndimawoloka njanji mosamala. Nthawi zonse ndinkatukwana mayi wa ku banki uja chifukwa chosatsegula fayilo ya Nizar. Koma iye uja anangomuona mphindi khumi, anzanga. Ine ndinali naye chaka ndi theka, ndipo nanenso ndinangoyang'ana khadi.