Mtsuko Wanga Unabangula

Ine sukulu ndinaipeza nditakula kale, ija ya kwacha, mano ena atagwa, ndiye zilembo zanga zimayenda ngati abakha. Zisiyeni ziyende, zikafika. Ndikufuna ndinene za bambo a ana anga, za kaseti imodzi yokha imene anajambula, ndi za mawu awo amene anayamba kundithawa m'makutu.

Anabwera kwathu kuno kunsi kwa Michesi kudzakhala mkamwini, atangochoka ku migodi ya ku Joni. Anzawo ankabwerako ndi mabulangete ndi njinga. Iwo anabwerako ndi wailesi ya kaseti, ndi nyimbo za azungu a tsitsi lofika m'mapewa, oimba ngati aponda khala la moto. Roko, ankatero. Magitala ake ankalira ngati chigayo chameza mwala. Malume anga atamva anafunsa, "Akamwini, kodi anthuwa akuwapha ndani?" Iwo kuseka, kuseka mpaka kugwira nthiti.

Kumvera kokha sikunawakwane. Anafuna zawozawo, m'chinenero chathu. Anatenga chigubu cha mafuta ophikira, thabwa la mkungudza, mawaya a mabuleki a njinga, gitala ija yabadwa. Mchimwene wanga anakunga ng'oma ya chikopa cha mbuzi. Batire ya galimoto anakabwereka kwa mwini chigayo. Koma gitala ikalira, inkalira ngati udzudzu. Anang'amba pepala la sipika ndi lumo kuti mawu asase. Anasasadi, koma chifuwa analibe.

Tsiku lina ndikuchokera kumtsinje, ndowa pamutu, ndinapeza mtsuko wanga uli pabwalo, wouma, wobooledwa kunsi, waya atatulukira pabowo, sipika itakhala pakamwa pake ngati chivundikiro. Mtsuko umenewo anaumba ndi mayi anga, anandipatsa polowa m'banja. Madzi ake ankazizira mpaka m'mano.

"Inu, mtsuko wanga mwautani?"

"Ndaulemba ntchito, mayi a mwana."

"Nanga madzi tizimwera m'gitala?"

"Madzi ali mbwee m'mitsinje yonseyi. Tamverani kaye ichi."

Anakanda waya. Mtsuko unabangula. Nkhuku zinabalalika, galu analowa pansi pa nkhokwe, ine ndowa ija inatsala pang'ono kugwa. Mayi anga anasuzumira pakhomo pawo nati, "Mkamwini woboola mtsuko wa apongozi, mawa aboola denga." Koma phazi lawo ndinaliona, linkagunda pansi.

Tsiku lojambula anatseka chitseko masana dzuwa likuswa mtengo, mazenera anatchinga ndi mabulangete. Ine mtima unali udakali pa mtsuko. Ndinakokera mtondo kuseri kwa nyumba, pafupi penipeni ndi khoma, ndinayamba kukonola chimanga ndi mphamvu zonse. Thi, thi, thi. Ndinkati ndiwasokoneze. Atabweza kaseti kuti amve, musi wanga unalimo, ukuyenda pansi pa gitala ngati mtima wa ng'ombe. Anatuluka thukuta lili kamukamu. Ndinakonza kale pakamwa kuti tikangane.

"Mwalekeranji? Bwererani pamtondo."

Ndinabwerera. Chimanga chathu chitatha ndinakonola cha mayi, cha mayi chitatha ndinakonola cha aneba, mudzi wonse unapeza mphale mlungu umenewo. Iwo mkati akukuwa za mgodi wamdima, za nandolo wa kwathu, mawu ena m'Chilomwe, ena m'Chichewa. Ine panja thi, thi, manja matuza okhaokha, ndikuseka ndekha. Nyimbo yotsiriza inali yanga: wamtsuko iwe, usandipitikitse, mvula ikubwera.

Makaseti anakachulukitsa kwa munthu wina wa wailesi ya makomo awiri, nakawayala pamsika wa Chiringa. Akuluakulu ankatseka makutu podutsa. Ena ankati mkamwini uja migodi inamuzunguza mutu. Koma anyamata a njinga ankaima, phazi limodzi pansi, osachoka. Mkulu wa mpingo wathu anakwiya, anati ndi phokoso la ziwanda, nalamula kuti aliyense amene ali nayo abweretse. Anazitentha kuseri kwa tchalitchi, utsi wakuda, fungo la pulasitiki. Bambo a ana anga anangoti, "Ayimvera kaye asanatenthe? Ndiye kuti yafika." Ku wailesi sinafike. Koma pa maukwati, akulu akangopita kwawo, fumbi linkakwera ndi musi wanga.

Chifuwa cha ku migodi chinawatenga bambo a ana anga tsitsi lawo lidakali bii. Kaseti yanga ndinkaisunga m'nsalu, ndikaifuna ndinkaitulutsa, iwo n'kuimba, ine n'kuyankha. Kenaka napolo anatsika m'phiri. Tinathawa ndi ana ndi zovala za m'thupi. Nyumba, wailesi, mtsuko, kaseti, zonse zinapita ndi miyala.

Nkhope yawo sinandivute, mwana wanga woyamba anaitenga yonse. Koma mawu. Mawu anayamba kuchoka pang'onopang'ono ngati mchere m'madzi. Ndikaimba nyimbo ija ndinkamva mawu anga okha. Masiku ano pamsika ndimaona achinyamata a magitala a zigubu, sipika ataiika m'ndowa, ena akuimba wamtsuko iwe, osadziwa kuti wamtsukoyo ndi gogo amene akugula tomato patsogolo pawo. Ndimavina pang'ono, amandiombera m'manja. Koma si mawu aja. Ndinafunsa m'midzi, ku Chiwalo ndinafunsa, aliyense ankati inaliko, inadyedwa ndi wailesi, inapita ndi madzi.

Chaka chatha tinkasenda nandolo pakhonde ndi mnzanga, mkazi wamasiye wa mkulu wa mpingo uja. Takalamba limodzi, timakhala benchi imodzi. Ndinang'ung'udza nyimbo ija osadziwa. Iye anailandira, mawu onse, mpaka a Chilomwe.

"Anzanga, inu mwaidziwira kuti? Si amuna anu anatentha?"

"Anatentha zimene anaziwerenga. Wozinyamula kupita nazo kumoto ndinali ine."

"Mayi a mpingo inu?"

"Nanga mayi a mpingo alibe chiuno?"

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini cha mabisiketi chadzimbiri. M'katimo munali kaseti ija. Ndinadzuka kuti ndiigwire, nandolo anatayika.

Wailesi ya kaseti tinaipeza kwa telala wina wokalamba wa pamsika. Anaipukuta fumbi, anazunguliza kaseti ndi cholembera, natobwanya batani. Poyamba mpweya wokha, fuu. Kenaka thi. Thi. Musi wanga, koma waulesi, ngati wa munthu wodwala msana. Telala anapukusa mutu.

"Agogo, pepani. Tepi yatamuka ndi kutentha kwa zaka zonsezi. Ikukoka. Mawu sakhala enieni."

"Isiyeni."

Mtsuko unabangula, motsika kuposa kale. Ndiye iwo analowa. Mawu olemera, ochedwa, onjenjemera kumapeto, mawu a nkhalamba yoyendera ndodo. Mnyamata uja wa thukuta sanabwere, ndipo sadzabweranso, ndinadziwa pomwepo. Anabwera munthu wa msinkhu wanga. Anaimba pang'onopang'ono kuti ndisawapitikitse, mvula ikubwera.

Ndinakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu. Mnzanga anandigwira phewa, akuganiza kuti ndikulira. Ndinkalira, inde, koma ndinkasekanso.

"Inu," ndinatero kuyang'ana wailesi, "kani nanunso mwakalamba."

Telala anafuna kuzimitsa kuti tepi ingaduke. Ndinamugwira dzanja. Nyimbo inali isanathe, ndipo liwiro limenelo miyendo yanga ya lero imalikwanitsa. Ndinamanga chitenje, ndinadzuka.