Zogwirira za Mkuwa Khumi ndi Chimodzi

Pachipatala paja dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti Anamkuwa. Ntchito yawo inali kukolopa wodi ya ana, koma mtima wawo unali pa zogwirira zitseko za mkuwa, zimene zinalipo khumi ndi chimodzi. M'mawa uliwonse ankazikwecha ndi ndimu ndi phulusa mpaka munthu n'kumaonapo mphuno yake. Anamwino ankawaseka kuti popeza bambo akunyumba anatisiya, mwina zitsekozo n'zimene zidzawakwatire.

Kenako kunabwera bwana watsopano, wa nsapato zolira. Analamula kuti zogwirirazo zipakidwe vanishi kuti zizingowala zokha, anthu asamataye nthawi. Anamkuwa anakana. Chifukwa chomveka analibe, ankangoti mkuwa umafuna kupuma. Vanishi atapakidwa, iwo anabwera Loweruka ndi mpeni wakukhitchini n'kumupala yense. Lolemba lake ntchito inawathera.

Nkhaniyi inawadya mumtima. Ankadziimba mlandu kuti ana awo anagonapo ndi njala chifukwa cha liuma lawo, kulimbana ndi zitseko za eni ake.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awo anagonera zaka khumi ndi zisanu. Tsiku lina akuchapa ndi mdzukulu wawo, mtsikana amene amayeza magazi m'labotale, anamusimbira za bwana uja. Mtsikanayo anaika sopo pansi. Anawafotokozera kuti kachilombo koyambitsa matenda kakatera pa mkuwa sikakhalitsa. Mkuwawo umaboola khungu lake n'kulowa m'kati, ndipo ukakumana ndi mpweya umapanga poizoni amene amakadya kachilomboko monga dzimbiri limadyera khasu. Koma ukapakapo vanishi, kamangokhala phee pamwamba, kudikira dzanja lotsatira.

Anamkuwa anasiya kufinya nsalu.

"Ndiye ukuti manja onse aja, a azimayi olowa kukaona ana awo..."

"Zitseko zanu zinkawalondera, agogo. Simunali wamisala ayi."

Anamkuwa anaseka mpaka chifuwa kuwatsamwitsa, n'kunena kuti akanadziwa mawu a sukulu amenewo, bwana uja akanaona zakuda. Anakondwa, inde. Koma posakhalitsa misozi inayamba kutsika, chifukwa anakumbukira kuti sabata yomwe anachotsedwa ija, zogwirira zonse khumi ndi chimodzi zinapakidwanso vanishi, ndipo panalibenso wina wobwera ndi mpeni.