Chithunzi Chopinda M'mawondo

Chithunzi cha bambo anga ndili nacho chimodzi chokha, ndipo chimakhala m'buku langa la nyimbo za kutchalitchi. Ngakhale mwana wanga amene anandiitanitsa kuno ku Dublin sankadziwa tsamba lake. Anthu ndimawadziwa ine. Wobwereka sabweza.

Bambo anajambulitsa ali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, asanakwere sitima ya ku Burma. Aima njo, mfuti paphewa, pambali pa mzungu wawo wovala jombo zonyezimira. Iwo alibe nsapato, zala zonse zili pamtunda. Ankatiuza kuti atapempha jombo, mzunguyo anati mapazi a munthu wakuda ndi nsapato kale. Bambo ankafotokoza akuseka, koma mayi sankaseka. Mayiwo ndiwo anapinda chithunzicho m'mawondo kuti alendo asamaone mapaziwo, ndipo ine ndinachilandira chili chopinda choncho.

Chaka chatha mdzukulu wanga wamkazi wa zaka teni anabwera kuchokera kusukulu yake ya kuno ku Ongar ndi nkhani ya pulojekiti: amene ali ndi wachibale amene anapitako kunkhondo abweretse chithunzi. Mwanayu Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsikulo, pofuna kundinyengerera, anachita kuchiyankhula.

"Agogo, mundibwerekeko pikicha ija."

"Wawauza ndani aphunzitsi akowo kuti ndili nayo?"

"Palibe! Inu Agogo mumakayikira ngakhale wobweretsa makalata."

Ndinavomera, koma ndinati ndipita nacho ndekha. Sikuti ndinkangoopa kuti chisowa. Ana akaona mapazi aja, ndinkati, amupatsa mdzukulu wangayu dzina lachipongwe lomwe limutsatire mpaka kusekondale.

"Usakatambasule. Wamva iwe?"

Anangogwedeza mutu.

M'kalasimo ndinakhala kumbuyo pa kampando kakang'ono, jekete osavula, maso ali pa manja a aphunzitsi. Mdzukulu wanga atakweza chithunzicho, mnzake wina anafunsa chifukwa chake chinali chopinda. Iye anandiyang'ana kamodzi, n'kuchitambasula. Kumbali kwina kunamveka kuseka.

"Nanga nsapato zake?" anafunsa mwana wina.

Sindinkadziwa kuti mdzukulu wanga ankaidziwa nkhani ya jombo ija. Kani tikamacheza ndi mayi ake kukhitchini, iye ali duu pa foni, makutu amakhala ali kwa ife. Anayankha m'Chingerezi chake chothamanga chija, mawu osanjenjemera: "Anawamana chifukwa anali wakuda. Anagubabe choncho, ndipo anabwerako."

Kuseka kuja kunatha. Aphunzitsiwo, mtsikana wamng'ono kuposa mwana wanga, anauza anawo kuti ayang'anitsitse mapazi a anthu awiriwo, ndipo anene amene msewu unkamupweteka. Manja anakwera ambirimbiri. Kenako anabwera kwa ine n'kupempha kuti achikope chithunzicho.

"Kopani ine ndikuona," ndinatero. Ndinaima pambali pa makina okoperawo mpaka chinabwerera m'manja mwanga.

Panopa mapazi a bambo ali pakhoma la sukuluyo, akuluakulu kuposa anga. Dzina lachipongwe ndinalidikira miyezi itatu, ndikumufunsa mwanayo tsiku lililonse, koma silinabwere. Ndikumvetserabe.

Chithunzicho sindinachipindenso. Vuto lake n'lakuti chikatambasuka n'chachitali kuposa buku la nyimbo, choncho mapazi aja amasuzumira kunja. Tsopano m'nyumba muno aliyense akulidziwa tsamba lake. Ndaganizapo zochisamutsa, koma sindinachichotsebe.