Funso Langa pa Msewu wa ku Malomo

Analipo aphunzitsi athu a Kachala, ife a Sitandade 2, ndi mnyamata wachipani wa malaya ofiira. Ndakumbukira chifukwa mdzukulu wanga akuti masiku ano kusukulu amawaphunzitsa kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" Ine ndinayamba kalekale!

Anatindandalika pamsewu wa ku Malomo, dzuwa likuswa mtengo, fumbi m'kamwa, kuti tiyeserere kuwombera m'manja nduna yobwera mawa lake. Ndinakuwa: "Aphunzitsi, tikuwombera yani poti pamsewu palibe munthu?"

Aphunzitsi anangoti kakasi, thukuta kamukamu. Kutacha, bambo anandipatsa khasu, sukulu nkuthera pomwepo. Ndakhala ndikunyada kuti ndinagonjetsa mphunzitsi.

Nditafotokoza izi, mwana wanga anati: "Bambo, aphunzitsiwo yankho ankalidziwa. Ankaopa kuti wa malaya ofiira uja angadzatenge agogo, bambo anu, chifukwa cha funso lanulo."