Mtsempha wa atate ndi thonje la ku Sandwe

Inu owelenga, ine ndinachedwetsa atate anga kubwelela kuchipatala, ndipo anamwalila. Ndatopa kufotokozela wachibale aliyense payekhapayekha, ndiye ndalemba kamodzi.

Atate anali mlimi wa thonje ku Sandwe. Anayamba kudandaula kuti pamchombo pakugunda ngati pali mtima wachiwili. Amai ankati ndi njoka ya m'mimba, n'kumawathowa ndi madzi otentha. Nditabwela kuchokela ku Nyimba, kumene ndimagwila nchito yolemba nkhani, ndinapita nawo kuchipatala ku Petauke. Sikani, yojambula za m'kati mwa thupi, inaonetsa kuti mtsempha waukulu wotsika kuchokela kumtima watupa m'mimba, ngati chubu cha njinga pamalo pofooka. Adokotala anati mtsemphawo sunafike pofuna opaleshoni, koma uziyezedwa pafupipafupi, chifukwa ukakula umaphulika. Anatenganso magazi n'kuwatumiza ku Lusaka, kumene akatswili akufufuza zizindikilo za m'magazi zosonyeza ngati chotupa chotele chikukula msanga.

Zotsatila zitabwela, adokotala anandiimbila foni. Zizindikilozo zinali zokwela, ndipo anafuna kubweleza sikani mwamsanga. Ndinawafunsa monga ndimafunsila anthu panchito: kodi zimenezi n'zotsimikizika?

"Ayi bambo, kayezedwe aka kakali kufufuzidwa," anayankha. "Kangotichenjeza chabe. Koma bwelani nawo."

Ine ndinatola mau oyambawo. Panchito pathu nkhani yosatsimikizika sitiitulutsa, timaisunga kaye. Ndinasunganso iyi. Inali nyengo yothyola thonje, msewu wa ku Sandwe unali makumbimakumbi, ndipo atate eni ake sanafune kumva za ulendo.

"Iwe, magazi anga adziwe zambili kuposa ine mwini?" anatelo. "Thonje likagwa pansi, adokotala akowo abwela kudzatola?"

Tinaseka. Ndinauza amai kuti palibe chachangu, tidzapita thonje likagulitsidwa. Za kuphulika sindinatchule, kuopa kuwadetsa nkhawa ndi chinthu chimene ngakhale adokotala sanachitsimikize.

Tsiku lina masana, akukweza thumba la thonje pangolo, atate anagwila msana n'kugwa. Amai anayamba awathowa kaye, poti palibe anawauza kuti ululu wotele ufuna kuthamangila kuchipatala. Ataona kuti thukuta lozizila silikuleka, anaitana anansi n'kuwagoneka pangolo yomweyo. Ng'ombe zinayenda monga ng'ombe zimayendela. Atate anatsilizika asanafike n'komwe pamene pamaima magalimoto.

Sindinganene kuti opaleshoni ikanawapulumutsa; zimenezo sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti sikani ija sinachitike, ndipo amene anaiimitsa ndine.

Inu owelenga, kholo likamamva kugunda pamchombo, musalithowe, pitani nalo akaliyeze. Adokotala akati magazi akuchenjeza, nyamukani ngakhale iwo avomeleze kuti sakutsimikiza. Ndipo uzani amene amakhala ndi wodwalayo zonse, zoopsa zomwe. Ine ndinafuna umboni wokwanila. Ndinaupeza uli pangolo, wophimbidwa ndi chitenje cha amai.