Mkaka wa Mwana wa Eni M'maso Mwanga

Nthawi imene ndinkathyola tiyi ku Thyolo ndinkakhala ku malaini a pa esiteti, ndipo kuseri kwa nyumba ndinali ndi kakhola ka zidina, kakafupi, kolowa chogwada. Kuchokera pakholapo kukafika pamzere woyamba wa tiyi anali mapazi ochepa chabe. Thadzi langa lofiira linkaikira m'dengu lakale lothyolera tiyi, loduka lamba, limene ndinalikankhira pakona, kumdima.

Mazira anayamba kusowa. Kusiya asanu m'mawa, pobwera kusikelo yoyezera tiyi kupeza atatu, popanda chigoba ngakhale chimodzi. Galu akadya dzira amasiya zizindikiro. Ndiye ine, ndi mtima wanga wapachalawu, mlandu ndinagamula ndekha: wakuba ndi munthu, ndipo masana pa laini yathu pankatsala munthu mmodzi yekha.

Anali mtsikana wa khomo loyandikana ndi langa, wochokera kwa Changata, mwamuna wake wothyola tiyi ngati ife. Iye sankapita kumunda chifukwa anali ndi khanda la miyezi iwiri. Anali wofatsa, Chilomwe ankangolankhula ndi mwana wakeyo. Sindinamufunse kanthu. Ndinkangoti posesa pabwalo n'kumauza tsache mokweza kuti pano pali ena akunona ndi mazira a eni, mkaka mpaka kuchucha. Milungu itatu ndikuimba nyimbo yomweyo. Amayi ena anayamba kuanula zovala zawo iye akamadutsa, ine n'kumakondwa. Lero ndikakumbukira manyazi amandigwira.

Lachitatu lina ndinatumiza uthenga kwa kapitawo kuti ndadzuka ndi malungo. Bodza. Ndinadzitsekera m'nyumba kuti ndimugwire wakuba wanga dzanja lili m'dengu. Dzuwa litafika pamutu, pa laini pali zii, thadzi linakuwa ngati lagwidwa, n'kutuluka m'khola nthenga zili nyankhalala. Ndinathamanga chitenje chili m'manja. Pakhola panalibe munthu. Mtsikana uja anali pakhonde pake, akuyamwitsa.

M'malo moti ndidabwe, ndinapsa mtima kuti wandithawa. Ndinagwada, n'kulowetsa mutu pakakhomo kuti ndione zatsala. Maso asanazolowere mdima, ndinaona chinthu chikudzuka m'dengu, chikutalika, khosi litatambasuka ngati chipande. Kenako madzi kumaso.

Tsabola wa kambuzi ndimamudziwa, anandilowapo m'maso. Izi zinali zina. Zinali ngati wina wandithira makala amoto m'zikope. Ndinakuwa, ndinafuna kudzuka, ndinagunda mutu pamtanda, n'kugwa chokhala pakhomo pomwepo. Kuyesa kutsegula maso, osatheka. Apo ndiye mantha enieni anandigwira, chifukwa ndinakumbukira kuti kholalo linali ndi khomo limodzi, ndipo amene walitseka ndi ine.

"Amayi, musasunthe!" Anali mawu a mtsikana uja, pafupi ndithu. "Njoka ili pakhomo. Manja asagwedezeke."

"Ili kuti? Ndiuzeni ili kuti!"

"Khalani chete. Ikufuna njira."

Ndinakhala. Maso akuyaka, manja akufuna kutikita, ine n'kuwakanikiza pansi. Ndinamva chinthu chozizira, cholemera, chikukwera pamsongolo wanga wamanzere. Sichinkafulumira. Ndinkamva mimba yake ikukoka pakhungu langa pang'onopang'ono, ndipo sinkatha. Pemphero lililonse limene ndinaphunzira kutchalitchi linandithawa. Mkodzo unatuluka wokha, sindibisa.

"Yapita. Yalowa m'tiyi."

Anandikoka pamkono mpaka pakhonde pake, n'kundigoneka chagada, mutu pamiyendo pake. Mtsikana wofatsa uja tsiku limenelo analibe chifundo. Ananditsegula zikope ndi zala mokakamiza, n'kumathira madzi a m'ndowa ndi kapu, ine ndikumenya miyendo pansi. Ndowa yake inatha. Analowa m'nyumba mwanga, imene ndinalumbira kuti sadzapondamo, n'kutenga yanga. Nayonso inatha, ndipo mpopi unali kutali, kumunsi kwa malaini.

"Ndafa maso ine," ndinalira. "Ndidzathyola bwanji tiyi? Ana anga adya chiyani?"

Ndinamva akumasula bulauzi, kenako timadontho tofunda tikugwera m'diso lamanja, kenako lamanzere. Kwathu timadziwa tonse kuti njoka ikakulavulira, mkaka wa mayi woyamwitsa umaziziritsa. Khanda lake linali pamphasa pambali pathu, likulira mpaka mawu kusasa, chifukwa analichotsa kubere lisanakhute. Iye anapitiriza kufinya, bere ili, kenako linalo. Unali mkaka womwe uja ndinkaunena posesa.

Thirakitala yonyamula masamba inanditengera kukiliniki ya pa esiteti, ndipo kumeneko ananditumiza kuchipatala cha ku boma. Adokotala anati chimene chathandiza kwambiri ndi madzi ambiri aja, ndiponso kuti anathiridwa msanga. Za mkaka anangoti mmm. Koma sanalonjeze kanthu. Anati diso lamanzere lachita chilonda, tidikire.

Masiku asanu ndi limodzi ndinagona m'chipatala, maso otupa, kuwala kulikonse kukundibaya. Bulangete likandikhudza mwendo ndinkadzidzimuka n'kukuwa, odwala anzanga mpaka kutopa nane. Ndinkaganiza za tiyi. Wothyola amasankha nsonga yanthete ndi diso, dzanja limangotsatira. Wosaona alibe ntchito pa esiteti, ndipo wopanda ntchito alibe nyumba ku malaini. Ndinkaganizanso mawu oti ndikamuuze mtsikana uja, n'kumawakonza, kuwaphwasula, kuwakonzanso.

Tsiku lotuluka ndinkaona. Lamanja bwinobwino, lamanzere ngati muli nkhungu ya m'mawa, koma ndinkaona. Nditatsika galimoto sindinalowe m'nyumba mwanga. Ndinalunjika khomo loyandikana nalo.

Amayi ena amene ankachapa pabwalo anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana pansi.

"Anasamuka Loweruka," anatero mmodzi. "Abambo ake a mwana anali atatsanzika kale kwa kapitawo, njoka isanakulavulireni. Ankati mkazi wawo sakudya, akungolira, abwerere kumudzi kumene sawatcha akuba."

Khola ndinaligumula sabata yomweyo, ndipo mpaka lero sindilowetsa dzanja m'dengu ndisanaligogode ndi ndodo. Kwa Changata ndinafunsako kawiri, koma ndinkafunsa munthu amene ngakhale mudzi wake sindinavutikepo kuudziwa.

Tsiku lotuluka m'chipatala lija ndinaima pakhomo pake nthawi yaitali, mawu anga onse ali m'kamwa. Pachitseko panali loko wamng'ono wamkuwa, wokandika pambali. Ndinamuona bwinobwino, ndi maso onse awiri.